Doko la Chinde ndi Kudzaza kwa Nyanja Yamchere

Anthu a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi amadziwa kuti madzi amakwera mvula ya dzinja ikagwa ndipo amatsika m'chilimwe, koma nyanja yamchere ili ndi khalidwe lina, pakuti imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pakati pa kudzaza kumodzi ndi kwina pamadutsa maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25. Chimene chimakoka madziwo ndi mwezi, mothandizana ndi dzuwa, kotero kuti mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, pamene mphamvu ziwirizi zimakokera pamzere umodzi, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri kuposa masiku ena. Gombe lapakati la Mozambique limadziwika ndi kudzaza kwakukulu chotere, moti ku Beira kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumapitirira mamita 6 pa masiku amenewa. Kwa zaka pafupifupi 30, malonda a dziko la Nyasaland, lomwe lero ndi Malawi, limene lilibe gombe la nyanja yamchere, ankayendera ndondomeko imeneyi pa doko la Chinde, kumathiriro a Zambezi.

Zambezi akamayandikira nyanja amagawikana m'mitsinje ingapo, ndipo pakamwa pa uliwonse pamaunjikana mchenga umene mtsinje wakokolola kumtunda, nuumbidwa ndi mafunde kukhala ngati mpanda wobisika pansi pa madzi. David Livingstone analowera pa Kongone, umodzi mwa mitsinjeyi, mu 1858, koma amalonda ndi amishoni amene anabwera pambuyo pake ankatsikira ku Quelimane, n'kukwera mtsinje wa Kwakwa pa mabwato, kenaka katundu yense ankasenzedwa pamutu mpaka ku Zambezi, atalipiridwa kale msonkho kwa Apwitikizi. Mu 1889 Daniel Rankin analengeza kuti pakamwa pa Chinde pali ngalande yakuya kuposa ya pakamwa pa mitsinje ina, ndipo chaka chomwecho Harry Johnston anadutsapo pa sitima yankhondo yotchedwa Stork. Mabuku a atsamunda amati Rankin ndiye anatulukira njirayi, ngakhale n'zovuta kukhulupirira kuti asodzi amene ankapalasa ngalawa m'menemo tsiku ndi tsiku sankaidziwa.

Pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891 linatsegula Zambezi ndi Shire kwa sitima za mayiko onse, ndipo Angerezi anabwereka kadera kakang'ono ku Chinde kwa zaka 99, kuti katundu wopita kapena wochokera ku Nyasaland azitsitsidwa ndi kukwezedwa popanda msonkho wa Apwitikizi. Komabe pangano silikanachotsa mchenga uja. Sitima zazikulu zochokera ku Ulaya zinkaima kunja, patali ndi gombe, ndipo anthu, makalata ndi katundu ankasamutsidwira m'sitima zing'onozing'ono, zimene nazonso zinkadikira kuti nyanja idzaze zisanayese kuoloka, chifukwa madzi akamaphwa, mkokomo wa mtsinje wotuluka umawombana ndi mafunde obwera pamwamba pa mchengawo, ndipo sitima imene yakhudza pansi pamalo otero imamenyedwa mpaka kusweka. Woyendetsa sitima pa Chinde ankayenera kudziwa msinkhu wa mwezi monga mlimi adziwira kagwedwe ka mvula, ndiponso kuyeza kuya kwa ngalande kawirikawiri, popeza mchenga unkasuntha madzi osefukira akadutsa. Khofi, fodya ndi thonje za ku mapiri a Shire zinkatsika pa sitima za African Lakes ndi makampani ena, n'kukhala m'nyumba zosungiramo katundu kufikira tsiku limene madzi alola.

Vuto lina linali kumtunda, kumene Shire ankaphwa chifukwa cha kutsika kwa Nyanja ya Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, moti malo okochezapo sitima anasamuka kuchoka ku Chiromo kupita ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, ndipo mu 1915 njanji inafika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi.

Madzi omwewo amene ankanyamula sitima kuziolotsa pa mchenga ankadyanso doko lenilenilo, pakuti Chinde inamangidwa pa mchenga wopanda mwala pansi pake, ndipo kulowa ndi kutuluka kwa madzi kawiri pa tsiku kunkagumula gombe pang'onopang'ono mpaka nyumba zina zinagwera mumtsinje. Mu February 1922 namondwe wamkulu anaomba tauniyi, nagwetsa nyumba ndi kumiza sitima zambiri zamumtsinje, ndipo chaka chomwecho njanji ya Trans-Zambezia yochokera ku Beira inafika pa Murraça, kutsidya kwa Chindio. Angerezi anasiya kadera kawo mu 1923, zaka 99 zija zisanakwane ndi theka lomwe, ndipo katundu wa ku Nyasaland anayamba kuoloka Zambezi pa sitima yapamadzi pakati pa njanji ziwirizo, kufikira mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935.