Za Cilumba ca Mbenji: Nzeru za Makolo pa Sikelo

Inu aphunzitsi a makalasi a akulu, nkhani iyi icokera kutsidya la nyanja, koma ikhudza mphika wa banja lililonse kuno ku Lunho, ku Messumba mpaka ku Cobué.

Mbenji ndi cilumba ca m'boma la Salima ku Malawi. M'zaka za m'ma 1950 asodzi awiri ocokera ku Likoma, anansi athu aja, anakapempha malo kwa mfumu Makanjira kuti azipha nsomba kumeneko. Mfumu inalola, koma inaika malamulo. Mowa, camba ndi njuga zinaletsedwa pa cilumba. Lamulo lalikulu linali lakuti mu Dezembro munthu aliyense acoke, adzabwere mu Abril. Mwa njira iyi asodzi anali kupewa namondwe ndi ziphaliwali, nakalima minda yao. Nao utaka unali kupeza mpata woswana popanda khoka.

Boma la atsamunda linali ndi njira yake. Mu 1939 Bertram, Borley ndi Trewavas anayendera nyanja nalemba za nsomba zake. Kuyambira 1945 mpaka 1947 Rosemary Lowe anafufuza za cambo. Nchito yao inali yaikulu, ndipo malamulo a boma anatsamira pa manambala otere. Koma malamulowo anali kupangidwa m'maofesi, kutali ndi doko. Tsono njira ziwirizi zinayenda payokhapayokha zaka zambiri.

M'zaka za m'ma 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Mzuzu ndi ya Strathclyde ku Scotland anazikumanitsa. Anawerenga makalata akale a boma, anakhala pansi ndi akuluakulu kumva mbiri, anapima madzi, nayeza utali ndi kulemera kwa nsomba. Anapeza kuti utaka wa ku Mbenji unali waukulu ndi wolemera kuposa wa m'madoko ena oyendera malamulo a boma okha. Sikelo inavomereza cimene mfumu inalamula kalekale. Zoonadi, mau a akulu akoma akagonera.

Nanga ife? Mu 2011 boma la Mozambique linalengeza mbali yathu ya nyanja kukhala malo otetezedwa, ndipo inalowanso m'pangano la Ramsar. Lero akatswiri amayang'ana nyanja ndi nkhalango pa zithunzi za setilaiti, nawerengera pa kompyuta. Komatu kompyuta imaphika zimene waipatsa. Siidziwa dzina la thanthwe limene agogo anali kulizungulira, kapena tsiku limene mpasa ziyamba kukwera mtsinje. Msodzi wokalamba adziwa mwera, mpoto ndi vuma, adziwanso kuti nkhungu zifuka mwezi ukakhala mu mdima. Iyeyu akamwalira zisanalembedwe, malamulo a mawa adzapangidwa popanda mau ake.

Apa ndi pamene kalasi lanu lilowa. Patulani kabuku kamodzi. Ophunzira azilembamo tsiku, mphepo, mwezi, malo ndi nsomba zimene zaphedwa. Itanani agogo afotokoze pamene madzi anafika mu 1980, caka cimene nyanja inadzaza koopsa, ndipo muyerekeze ndi pamene anafika mu 2024. Lembani dzina la wonena, ndipo kabukuko kakhale ka mudzi. Wofuna kukopera ayambe wapempha.

Wophunzira adzazolowera kulemba manambala, ndipo mudzi udzakhala ndi umboni wake pa tsiku la msonkhano wa usodzi.