AKACHENJEDE AMENE ANATUKULA CHICHEWA

Ambiri a ife tinaphunzira pa nthawi imene kulankhula Chichewa pa sukulu unali mlandu m'masukulu ambiri a sekondale. Wogwidwa akulankhula chinenero cha makolo ake ankapatsidwa chikwakwa kapena khasu. Tinakula ndi maganizo akuti nzeru zenizeni zili m'Chingerezi basi. Koma pa nthawi yomweyo, ku Sukulu ya Ukachenjede kunali aphunzitsi amene anaika moyo wao wonse pofufuza chinenero chomwe ife tinkachichitira manyazicho. Mbiri yao ndi yoyenera kuidziwa.

Nkhaniyi inayambira kutali. Pamene Dr Kamuzu Banda ankaphunzira pa yunivesite ya Chicago ku America, anathandiza katswiri wina wa zinenero, Mark Hanna Watkins, pomuuza m'mene Achewa amalankhulira. Mapeto ake linali buku lotchedwa A Grammar of Chichewa, lomwe linatuluka m'chaka cha 1937. Tsono pamene msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula m'chaka cha 1968 kuti Chichewa chikhale chinenero cha fuko, a Banda ankadziona kuti iwo ndiye mwini chinenerocho. M'chaka cha 1972 boma linakhazikitsa bungwe la Chichewa Board kuti lizilongosola kalembedwe ndi kugamula mau oyenera.

Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndipo koleji ya Chancellor inasamukira ku Chirunga m'boma la Zomba m'chaka cha 1973. Kumeneko n'kumene kunabadwira gawo lophunzitsa Chichewa ndi sayansi ya zinenero. Ntchito ya aphunzitsi a gawoli siinali yapafupi ai. Katswiri wa zinenero salamula anthu kalankhulidwe. Iye amatchera khutu ndi kufufuza malamulo obisika m'zimene anthu amalankhula kale. Koma masiku amenewo, kusiyana maganizo ndi mtsogoleri wa dziko, ngakhale pa liu limodzi lokha, kunali kuputa mavu nkhomola.

Woyamba kumutchula ndi Dr Sam Mchombo, amene anaphunzira ku London nadzatsogolera gawoli. M'zaka za m'ma 1980 anapita ku America, kumene anadzakhala mphunzitsi pa yunivesite ya California ku Berkeley. M'chaka cha 1987 iwo pamodzi ndi Pulofesa Joan Bresnan wa ku Stanford analemba nkhani imene inagwedeza akatswiri a zinenero. Taonani ziganizo izi: "Mwana wadya nsima" ndi "Mwana waidya nsima". Kusiyana kwake ndi ka "i" kokha. Awiriwa anaonetsa kuti ka "i" kameneka ndi mlowam'malo weniweni amene wabisala m'kati mwa mneni. N'chifukwa chake tingathe kunena kuti "Nsima mwana waidya", kapena kungoti "Waidya", tanthauzo osasokonekera. Kanthu kamene mwana wa zaka zitatu amakadziwa kanakhala phunziro m'mayunivesite akuluakulu. M'chaka cha 2004 a Mchombo anatulutsa buku la The Syntax of Chichewa ku Cambridge.

Pulofesa Al Mtenje anatenga mbali ina, ya kamvekedwe ka mau. Liu loti "mtengo" timalilemba chimodzimodzi, koma wa m'nkhalango ndi wa pa msika timausiyanitsa pokweza kapena kutsitsa mau. N'chimodzimodzinso "khungu" la pa thupi ndi "khungu" la maso. A Mtenje anafufuza malamulo a kukwera ndi kutsika kumeneku kwa zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 2017 iwo ndi Laura Downing anatulutsa buku la The Phonology of Chichewa ku Oxford.

Dr Jack Mapanje timawadziwa ndi ndakatulo, koma nawonso ndi katswiri wa zinenero: digiri yao yaikulu ya ku London inali yofufuza aneni a Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi. Ali mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor, anamangidwa m'chaka cha 1987 ndi kutsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu kufikira 1991. Umu ndi m'mene zinthu zinalili kwa ophunzira masiku amenewo.

Ndale zitasintha m'chaka cha 1994, Chichewa Board inathetsedwa. M'malo mwake, m'chaka cha 1996, Yunivesite inatsegula Centre for Language Studies ku Zomba, motsogozedwa ndi a Mtenje, kuti izisamala zinenero zonse za dziko lino, osati Chichewa chokha. Chipatso chake chachikulu chinali Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa m'chaka cha 2000, buku lomasulira mau a chinenero chathu m'chinenero chomwecho, osadzera m'Chingerezi.

Chodandaulitsa n'chakuti ntchito za akachenjede amenewa zimadziwika kwambiri kunja kuposa kwao kuno. Mabuku ao ambiri ndi okwera mtengo, ndipo sapezeka m'nyumba zowerengeramo mabuku za masukulu athu. Anzanga okondedwa, pamene tikusonkha ndalama zokonzera makalasi ndi zogona za ana, tikumbukirenso mabuku otere. Ndipo mwana akatiuza kuti akufuna kukaphunzira Chichewa ku yunivesite, tisamuseke. Alipo amene anadzera njira yomweyo, dziko lonse lapansi n'kuwamvera.