Fuwa Lachitatu: Mbiri ya Mfundo Zosatchulidwa

Achinyamata ofunsira ntchito masiku ano, makamaka kumakampani a maloya a ku Britain, amakumana ndi mayeso otchedwa Watson-Glaser. Gawo limodzi la mayesowa limapereka chiganizo chimodzi chokha, kenaka limafunsa za mfundo imene wolankhula sanaitchule koma anaitenga ngati yodziwika kale. Tonse tikudziwa kuti mphika umakhala pa mafuwa atatu, ngakhale munthu woima pakhomo amaona awiri okha chifukwa lachitatu labisika kuseri kwa mphikawo. Mfundo yosatchulidwa ndiyo fuwa lachitatulo. Kwa zaka zoposa 2,000 anthu ophunzira ankaona kusatchula mfundoyi ngati luso la mlankhuli, ndipo ndi m'zaka za m'ma 1900 pamene kuifukula kunasanduka chinthu choyesera nzeru za munthu.

Tiyambire ku Atene, kwa Aristotle, amene anakhala ndi moyo kuyambira m'chaka cha 384 mpaka 322 Khristu asanabadwe. M'buku lake la Rhetoric, lophunzitsa luso lokopa anthu polankhula, iye analangiza kuti mfundo imene omvera akuidziwa kale isatchulidwe, pakuti omverawo adzaiwonjezera okha mumtima. Chitsanzo chake chinali Dorieus, katswiri wa ku Rhodes amene anapambana katatu pamasewera a ku Olympia. Pofuna kutsimikiza kuti Dorieus anapambana mpikisano umene mphotho yake ndi chisoti cha masamba, kunali kokwanira kunena kuti anapambana ku Olympia, basi. Mgiriki aliyense ankadziwa kuti opambana kumeneko amavekedwa chisoti cha masamba a azitona, ndipo kumuuzanso kukanakhala kumunyoza. Kalankhulidwe ka mtundu umenewu anakatcha enthymeme, mawu amene muzu wake ukunena za chinthu chosungidwa mumtima. Aphunzitsi a m'mibadwo yotsatira ndiwo anapanikiza tanthauzo lake mpaka linangokhala "mtsutso wosowa mwendo umodzi".

M'buku lomwelo Aristotle anapatula mutu wathunthu wonena za mawu anzeru ofanana ndi miyambi yathu. Anaona kuti mawu otere ndi chidutswa cha mtsutso: ukawonjezerapo chifukwa chake, mtsutso wonse umaonekera. Anaonanso kuti amayenera pakamwa pa akuluakulu amene aona zambiri, ndipo sakhala bwino pakamwa pa mwana. Mfundo imeneyi nyakwawa iliyonse ingaivomere popanda kumva Chigiriki! Koma ananenanso china chimene ife okonda miyambi tiyenera kuchimeza ngakhale chikuwawa, chakuti omvera amakondwera ndi mawu otere chifukwa amamva mlankhuli akunena ngati lamulo zimene iwo ankaganiza kale.

Taganizirani za mkulu amene pabwalo la milandu wauza wodandaula kuti, "Walira mvula walira matope." Sananene kuti wodandaulayo anasankha yekha chinthucho, kapena kuti vutolo silingalekanitsidwe ndi phindu limene analandira. Anthu onse pabwalo awonjezera zimenezi okha, ndipo mlandu wafupika. Apa fuwa lobisika lagwira ntchito yabwino. Koma mkulu yemweyo akamva mphekesera yoti mayi wina waba, n'kunena kuti, "Utsi sufuka popanda moto," mwambiwo uli woona ndithu, pakuti utsi uliwonse uli ndi moto wake. Chimene sichinatchulidwe n'chakuti mphekeserayo ndi utsi. Nanga ikakhala fumbi la kamvuluvulu? Mayiyo waweruzidwa ndi mfundo imene palibe anaitulutsa pakamwa, choncho palibenso amene anaitsutsa.

Agiriki nawonso ankaudziwa msampha umenewu. Diogenes Laertius, amene analemba mbiri za anthu anzeru akale, anasimba kuti Alexinus anafunsa Menedemus wa ku Eretria ngati analeka kumenya atate ake. Kuyankha kuti inde kukanatanthauza kuti ankawamenya, kuyankha kuti ayi kukanatanthauza kuti akuwamenyabe. Menedemus anayankha kuti sankawamenya, ndipo panalibe choti aleke. Alexinus ataumirira kuti afuna inde kapena ayi, Menedemus anakana kutsatira malamulo a munthu amene akanatha kumubwezera pakhomo pomwe.

Tisaganize kuti fuwa lobisika limapezeka mwa anthu achinyengo okha. Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria cha m'ma 300 Khristu asanabadwe, anayesetsa kulemba poyera maziko onse a masamu ake asanatsimikize kanthu kalikonse. Komabe m'phunziro loyamba lenileni la buku lake la Elements, pojambula chithunzi cha mbali zitatu zofanana, anazunguliza mizere iwiri natenga malo amene mizereyo yakumanirana. Palibe lamulo mwa malamulo ake limene limanena kuti mizereyo iyenera kukumana. Diso linaona, mutu n'kuvomera. Mipata yotere inatsekedwa bwinobwino ndi Moritz Pasch mu 1882 ndi David Hilbert mu 1899, patapita mibadwo yosawerengeka ya aphunzitsi ndi ana asukulu.

Tsopano tiwoloke nyanja kunka ku America, kumene nkhaniyi inakhudza miyoyo ya anthu wamba. M'zaka za 1917 ndi 1918, pankhondo yoyamba ya dziko lonse, Robert Yerkes ndi anzake anayesa nzeru za asilikali pafupifupi 1,750,000. Ena mwa mafunso awo ankafuna kuti munthu adziwe zinthu za m'sitolo ndi akatswiri a masewera a ku America. Funso lina, mwachitsanzo, linkafunsa kuti Crisco n'chiyani, pamene ilo ndi dzina chabe la mafuta ophikira. Mu 1923 Carl Brigham wa ku Princeton anasanthula zotsatira zake m'buku la A Study of American Intelligence. Anapeza kuti obadwira kunja amene anakhalitsa m'dzikolo anakhoza bwino kuposa ongofika kumene. Munthu wina aliyense akanati, ndiye kuti mayesowa akuyesa kuzolowera chinenero ndi moyo wa ku America. Brigham sanatero. Iye anagamula kuti obwera kumene, ambiri a iwo ochokera kumwera ndi kum'mawa kwa Ulaya, ndi anthu a nzeru zochepa kuposa amene anabwera kale kuchokera kumpoto. Maganizo onsewa anatsamira pa mfundo imodzi imene iye sanaiyese mokwanira, yakuti mayesowo ankayesa nzeru zobadwa nazo. Chaka chotsatira, mu 1924, dzikolo linakhazikitsa lamulo lochepetsa kwambiri anthu olowa kuchokera kumadera omwewo. Mu 1930 Brigham analemba poyera kuti zimene ananena zinalibe maziko, koma lamulolo linali litayamba kale kugwira ntchito.

Nthawi imeneyi inalinso ya wailesi ndi ya mauthenga okopa a Hitler ndi Mussolini, ndipo aphunzitsi anayamba kuda nkhawa kuti nzika yosadziwa kufunsa idzatengeka ngati nkhuku yoona madeya. Mu 1925 Goodwin Watson wa ku Teachers College, pa yunivesite ya Columbia ku New York, anasindikiza ntchito yake yoyesa ngati munthu amaweruza nkhani mosakondera. Mu 1937 Clyde Miller wa pasukulu yomweyo anayambitsa bungwe la Institute for Propaganda Analysis, lophunzitsa anthu kuzindikira njomba za mauthenga okopa. Mu 1941 Edward Glaser anasindikiza kafukufuku wake, momwe anayerekeza makalasi a sekondale amene anaphunzitsidwa kaganizidwe kosanthula ndi ena amene sanaphunzitsidwe. Mayeso otchedwa ndi mayina a Watson ndi Glaser anachokera m'ntchito imeneyi. Ali ndi magawo asanu, ndipo kuzindikira mfundo zosatchulidwa ndi limodzi mwa iwo. Chimene Aristotle ankaphunzitsa mlankhuli kusiya, tsopano womvera anayamba kuphunzitsidwa kuchigwira.

Gawoli limayenda motere. Tiyerekeze kuti chiganizo ndi ichi: "Chaka chino tidzale chimanga chocha msanga kuti tifupikitse miyezi ya njala." Pansi pake pamabwera mfundo zingapo, ndipo woyesedwa anene pa iliyonse ngati wolankhula anaitenga ngati yoona kapena ayi. Yoyamba: mbewu yocha msanga ingapezeke. Imeneyi anaitenga ndithu, pakuti munthu sauza anzake kudzala mbewu imene akudziwa kuti kulibe. Yachiwiri: chimanga chocha msanga chimabereka kuposa cha makolo. Imeneyi sanaitenge, popeza iye wanena za nthawi yokolola, osati za kudzaza nkhokwe. Njira imene aphunzitsi a mayeso otere amalangiza ndiyo kuikana mfundoyo n'kuona ngati mphika ugwa. Mukati, "mbewuyo singapezeke," chiganizo chonse chagwa, ndiye kuti limenelo linali fuwa. Mukati, "sichibereka kuposa cha makolo," chiganizocho chikadali chilili.

Amene amapunthwa kawirikawiri pagawoli, mwa kuona kwanga, ndi munthu wodziwa zambiri. Mlimi weniweni akawerenga chiganizo chija amayamba kuganiza za anankafumbwe, za mtengo wa feteleza, za ufa wosakoma pokonola, ndipo amayankha funso limene sanafunsidwe. Mayeso safunsa ngati mfundoyo ili yoona, kapena ngati iye akugwirizana nayo. Amangofunsa ngati wolankhula anaimirapo. Mfundo yabodza kotheratu ikhoza kukhala yankho lolondola, ndipo mfundo yoona ngati dzuwa ikhoza kukhala yolakwa. Woyesedwa asamalenso ndi timawu monga "onse", "okha" ndi "nthawi zonse". Wolankhula wathu sanafunikire kukhulupirira kuti chimanga chocha msanga chokha ndicho chingathetse njala. Mwina kuseri kwa nyumba yake kuli munda wa chinangwa.