Katundu Akapezeka Woonongeka: Ufulu wa Wogula ku Kavalamanja

Tiyerekeze kuti msodzi wa ku Kavalamanja wagulitsa nsomba zake zouma, wasonkhanitsa ndalama, wakwera basi kupita ku Lusaka kukagula batire la sola. Wabwerera ulendo wa makilomita opitirira 300, kudzera pa Luangwa Bridge mpaka pa boma, kenako kutsata mtsinje wa Zambezi kufika kumudzi. Usiku waciwiri batire lija lakana kusunga moto. Ambiri a ife zikatere timangoti ndi tsoka, n'kuliponya pakona. Komatu dziko la Zambia lili ndi lamulo pa nkhani imeneyi. Pano tifotokoza zimene lamulolo limanena, kumene munthu angakadandaule, ndiponso pamene limavuta kuthandiza anthu okhala kutali ndi tauni.

Lamulo ndi bungwe lake

Dzina la lamuloli ndi Competition and Consumer Protection Act, nambala 24 la caka ca 2010. Linalowa m'malo mwa lamulo la 1994, limene linkasamala kwambiri za mpikisano wa makampani koma za wogula linkanena zocepa. Nyumba ya Malamulo inalikonzanso mu 2023. Bungwe loona kuti lamuloli likutsatidwa ndi Competition and Consumer Protection Commission, mwacidule CCPC, lomwe likulu lake lili ku Lusaka. Palinso lamulo lakale kwambiri, Sale of Goods Act la 1893, limene tinatengera kwa Angelezi ndipo makhoti athu akuligwiritsabe nchito pa milandu ya kugula ndi kugulitsa.

Katundu woonongeka

Mtima wa nkhani uli pa gawo 49. Gawoli limaletsa munthu kapena kampani kugulitsa katundu woonongeka, kapena wosatha kugwira nchito imene katundu wotero amagwira. Limaonjezanso mfundo ina imene ambiri sitiidziwa: katundu ayenera kugwira nchito imene wogula anauza wogulitsa. Ngati munanena m'sitolo kuti mukufuna pampu yokoka madzi kucokera mumtsinje kufika kudimba la kumtunda, wogulitsa n'kukusankhirani ina nati ikwanitsa, ndiye pampuyo ikalephera muli ndi ponena, ngakhale injini yake ikulira bwinobwino. N'cifukwa cake si bwino kungoloza cinthu ndi cala. Nenani nchito yake, ndipo pakhale wina womva.

Katundu akapezeka wotero, lamulo limapereka njira ziwiri: wogulitsa abweze ndalama, kapena apereke katundu wina wabwino ngati n'kotheka ndiponso ngati wogulayo wasankha motero. Onani kuti wosankha kusinthitsa ndi wogula. Wogulitsa wolakwira lamuloli angathenso kulipitsidwa cindapusa cofika 10 peresenti ya ndalama zimene amapeza pa malonda ake m'caka.

Koma pali malire, ndipo tiwanene poyera kuti wina asakacite manyazi m'sitolo. Lamulo silikakamiza wogulitsa kubweza ndalama cifukwa coti mwangosintha maganizo, kapena mwapeza cinthu comweco cotsika mtengo kwina. Silitetezanso amene waononga yekha, monga wogwetsera foni m'madzi ali m'bwato. Pa katundu wakale, monga salaula kapena injini ya boti imene inagwirapo kale nchito, cilema cimene munauzidwa kapena cimene cinali poonekera pamene munayang'anitsitsa simungacidandaulenso. Cimene wogulitsa anabisa dala, kapena bodza limene ananena, ndi nkhani ina, pakuti gawo 47 limaletsa kunamiza wogula za mtundu wa katundu, kumene anacokera, kapena kunena kuti ndi watsopano pamene ndi wakale.

Cikwangwani ca m'sitolo

Tonse tinaonapo pakhoma la sitolo, kapena pansi pa risiti, mawu a Cingelezi onena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa ndipo ndalama sizibwezedwa. Anthu ambiri akawerenga mawuwo amabwerera pakhomo osalankhula n'komwe. Gawo 48 limaletsa mwini sitolo kupacika cikwangwani cokana udindo wake kapena colanda wogula ufulu umene lamulo linampatsa. Kungopacika kokhako ndi mlandu kale. Conco cikwangwanico cisakuopseni. Ciribe mphamvu yofafaniza gawo 49.

Magawo ena awiri ndi acidule koma amatikhudza tsiku ndi tsiku. Gawo 50 limafuna kuti katundu akhale ndi cizindikiro coonetsa dzina lake, zimene zili m'kati, tsiku limene anapangidwa ndi limene adzathe mphamvu, komanso dzina ndi malo a wopanga. Gawo 51 limaletsa kulipiritsa mtengo woposa umene walembedwa pa katunduyo. Za tsiku lotha mphamvu tiyenera kukhala maso kwambiri kuno kwathu. Katundu amakhalitsa pa shelefu m'tuntemba ta kumudzi, ndipo kutentha kwa cigwa cino mu October sikucitira cifundo mafuta ophikira, mkaka wa ana kapena zakumwa.

Nchito yosagwiridwa bwino

Ufulu wa wogula sulekezera pa katundu. Gawo 49 lomweli limanena kuti wogwira nchito yolipidwa aigwire mosamala, mwaluso, ndiponso pa nthawi yoyenera kapena pafupi ndi nthawi imene munapangana. Makanika wokonza injini ya boti, mmisiri wofolera nyumba, telala wosoka mayunifomu a kwaya, wokumba citsime, onsewa ali m'gulu limeneli. Nchito ikaipa, abweze ndalama kapena aigwirenso bwino ngati mwini wake wafuna. Vuto lathu n'lakuti mapangano ambiri timacita pakamwa, ndipo wogwira nchitoyo nthawi zambiri ndi mnansi kapena wa mumpingo momwemo. Kulemba pa kapepala mtengo, tsiku lomaliza ndi ndalama imene mwapereka poyamba si kukayikira mbale. Ifenso m'makomiti a zomanga a mipingo taona kuti pamene palibe colembedwa, aliyense amakumbukira zomukomera.

Kumene mtunda umatipweteka

Kavalamanja imamveka pa wailesi makamaka mu March, pokumbukira anthu amene anafa pamene asilikali a Rhodesia anaukira malowa mu 1978. Miyezi ina yonse ndi mudzi wa asodzi ndi alimi, kutali ndi masitolo akuluakulu ndi maofesi. Apa ndi pamene lamulo labwino limakumana ndi msewu.

Monga linalembedwera mu 2010, lamuloli linaika masiku 7 ocokera pamene katundu anaperekedwa kuti ndalama zibwezedwe. Kwa munthu wa ku Kamwala kapena ku Matero masiku 7 ndi ambiri. Kwa msodzi wathu uja, awiri atha kale panjira, ndipo ndalama ya basi yopita ndi kubwera ingathe kuposa mtengo wa cinthu cimene akudandaula. Ife tikuona kuti kwa munthu wa kuno citetezo ceniceni cimayambira pa kauntala, asanaturuke m'sitolo.

Cinthu ca magetsi ciyesedwe inu mukuona. Foni iyatsidwe, ilowetsedwe simu, ilandire moto. Batire liyezedwe. Kenako risiti: ikhale ndi dzina la sitolo, tsiku, dzina leni-leni la katundu, mtengo, ndi nambala ya cinthuco ngati ili nayo. Ngati akuti pali waranti ya miyezi yakutiyakuti, ailembe, pakuti waranti ya pakamwa imathera pakhomo. Tengani nambala ya foni ya sitolo. Mukalipira ndi ndalama za pa foni, musafute uthenga wotsimikizira, cifukwa ndi umboni woonetsa tsiku, ndalama ndi amene analandira. Mukatuma mbale kapena kondakitala kukakugulirani, muuzeni kuti risiti ndi mbali ya katunduyo. Ndipo cilema cikaoneka, imbani tsiku lomwelo, tumizaninso uthenga wolemba ndi cithunzi ngati netiweki ilipo, kuti padzaoneke kuti simunacedwe kunena. Musapereke cinthuco kwa wokonza wa pamudzi kuti acitsegule, pakuti wogulitsa adzati mwaononga ndinu.

Mbewu ndi nkhani yowawa kuposa zonse, cifukwa cilema cake cimaoneka mvula itagwa kale, ndipo cimene catayika si ndalama ya paketi yokha koma cakudya ca caka conse. Gulani kwa wogulitsa wa cilolezo, sungani thumba ndi kapepala kake kokhala ndi nambala, siyaniko mbewu pang'ono. Ikakana kumera, itanani mlangizi wa zaulimi adzaone munda musanabzalenso. Bungwe loyesa ndi kutsimikizira mbewu ndi Seed Control and Certification Institute la ku Chilanga.

Malire ali pafupi

Tsidya la Zambezi kuli Kanyemba, m'dziko la Zimbabwe, ndipo tsidya la Luangwa kucokera pa boma kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique. Anthu athu amawoloka, ali ndi abale kumeneko, amagula ndi kugulitsa. Dziwani kuti katundu wogulidwa tsidya ali pansi pa malamulo a komweko. Mozambique ili ndi lamulo lake loteteza ogula la 2009, Zimbabwe ili ndi lake la 2019, koma ofesala wa ku Lusaka sangakakamize mwini sitolo wa ku Zumbo kukubwezerani ndalama. Pa zinthu zodula, kutsika mtengo kwa tsidya kuyerekezedwe ndi mfundo imeneyi.

Kodandaula

Yambani ndi wogulitsa mwini, mwaulemu, risiti ili m'manja. Nkhani zambiri zimathera pomwepo. Za pamudzi, a nyakwawa kapena akulu a mpingo angathandize kuyanjanitsa. Zikakanika, CCPC imalandira madandaulo kwaulere, ndipo ili ndi nambala yoimba osalipira, 5678. Konzekerani kunena dzina la sitolo ndi malo ake, tsiku, mtengo, cilema cake, ndi yankho limene wogulitsa anakupatsani. Wosakhutira ndi cigamulo ca CCPC angacite apilo ku Competition and Consumer Protection Tribunal.

Nkhani zina zili ndi eni ake. Za netiweki ndi mayunitsi odulidwa molakwika, mukalephera kumvana ndi kampani yanu, zimapita ku ZICTA. Za mabanki ndi ndalama za pa foni ndi Bank of Zambia. Za mafuta a galimoto ndi magetsi ndi Energy Regulation Board, za mankhwala ndi ZAMRA, za sikelo ndi miyezo ndi Zambia Metrology Agency. Zakudya zotha mphamvu kapena zowola kaneneni kwa oyang'anira zaumoyo a khonsolo pa boma, amene ali ndi mphamvu yozicotsa pa shelefu. Ameneyo ndiye ofesala wapafupi kuposa onse.

Nafenso ndife ogulitsa

Tisamawerenge lamuloli ngati lonena za masitolo a ku Lusaka okha. Limati munthu kapena kampani, ndipo munthuyo nthawi zina ndife. Timagulitsa nsomba, mphasa, masau, cimanga ca pa meda. Kuika nsomba zofumbwa pansi pa dengu, zabwino pamwamba, ndi kunamiza wogula. Meda yophwanyidwa pansi kuti ilowe zocepa, kapena sikelo yopotozedwa, ndi zomwezo, ndipo amene amawerenga Levitiko 19 kapena Amosi 8 akudziwa kuti mkangano wa miyezo sunayambe mu 2010. Wogula nsomba pa Luangwa Bridge n'kuzitengera ku Lusaka nayenso amakhala kutali ndi amene anamgulitsa, ndipo kawirikawiri alibe risiti yobwera nayo.