Cithunzi ca Kasiyamaliro

M'midzi ya Acewa ya ku Macanga ndi ku Tsangano, munthu wamkulu saikidwa m'manda mwakacetecete. Ng'oma zimalira, amai amaimba, ndipo zilombo za Gule Wamkulu zimatuluka ku dambwe. Pakati pa zilombozo pali Kasiyamaliro, wooneka ngati nchefu. Iye amaperekeza mzimu wa womwalirayo kwa makolo.

Si ife tokha amene timaperekeza akufa. Ku China kunali mfumu dzina lace Qin Shi Huang. Inamwalira m'caka ca 210 Yesu asanabadwe. Anthu ace anaumba asilikari a dothi, aatali ngati munthu, nawakwirira pafupi ndi manda kuti aziilonda. M'caka ca 1974 alimi ena anali kukumba citsime kufupi ndi mzinda wa Xi'an, ndipo makasu ao anagunda mapale a asilikariwo. Akatswiri amati m'maenjemo muli asilikari pafupifupi 8,000.

Zithunzi zambiri za asilikariwa amazijambula ali pamwamba pa dzenje. Timangoona mizere, onse otuwa, onse ofanana. Koma nkhope zao nzosiyana. Ndiponso kale sanali otuwa ai. Anali opakidwa utoto wofiira, wobiriwira ndi wina, umene unayamba kukanganuka atangoufukula. Tsono wojambula sananame, koma watipatsa cokhaco cimene iye anasankha.

Asilikari a dothi akhala zaka zoposa 2,000. Kasiyamaliro sakhalitsa cotero. Gule akatha amabwerera kumene anacokera, ndipo za kumeneko sitilemba m'buku. Cimene adzukulu athu adzaone ndi cithunzi.

M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Mozambique, Malawi ndi Zambia ndi cuma ca anthu onse. Masiku ano ojambula ndi ambiri, ndipo foni yokha ikwanira. Koma tiyeni tiyang'ane bwino zithunzi zao. Wojambula amathamangira pafupi kuti cilombo cidzaze cithunzi conse. Amai oimba wawadula. Oimba ng'oma saoneka. Anamfedwa, mfumu, ngakhale bwalo lenilenilo, mulibe. Munthu wa ku Maputo kapena ku Lisboa akaona cithunzi cotere aganiza kuti ndi masewera. Sangadziwe kuti pamudzipo panagwa maliro. Ife timati cithunzi cimeneci ncoperewera, ngakhale cikongole cotani.

Wofuna kujambula ayambe wapempha kwa amfumu ndi akuluakulu a gule. Akamkaniza, aleke. Akamlola, abwerere m'mbuyo mapazi angapo, dzuwa likhale kumsana kwace, kuti cilombo, ng'oma ndi amai alowe pamodzi. Pambuyo pace alembe dzina la mudzi, caka, ndi mwambo umene unacitika. Apa mpamene ife ophunzira kulemba tili ndi nchito, pakuti cithunzi copanda mau cimaiwalika msanga.

Makolo athu naonso anali kujambula. Kutsidya kwa malire, m'mapiri a Chongoni ku Dedza, muli malo 127 a zithunzi za pa miyala. Zina mwa izo ndi zilombo za nyau, zojambulidwa ndi dothi loyera. Maina a amene anazijambula sanalembedwe.