Mawu oti "kaffir": komwe adachokera ndi tanthauzo lake

Mawu oti "kaffir", omwe azungu a ku South Africa ankanyozera anthu akuda, adachokera ku Chiarabu. Tsinde lake ndi "kafara", kutanthauza kukwirira. Mlimi wa kuno ku Wimbe akamakwirira mbewu m'nthaka, Chiarabu chakale chikanamutcha kafir, ndipo Qur'an yatchula alimi motero mu Surah Al-Hadid, ndime 20. Pachipembedzo, kafiri ndi munthu wokwirira choonadi cha Allah. Za khungu mulibemo.

Amalonda achiarabu a kugombe la kum'mawa kwa Africa ankatchula motero anthu omwe sanali Asilamu. Apwitikizi a m'zaka za m'ma 1500 adawatola mawuwa n'kumayesa ndi dzina la mtundu wa anthu, kenako Adatchi ndi Angerezi adatengera. Mu 1847 Angerezi adafika potcha dera lina British Kaffraria.

Agogo athu omwe adapita kumigodi kudzera ku Wenela adawamva ali chitonzo. Lero ku Joni ndi mlandu: mu 2018 khoti lidagamula Vicki Momberg zaka zitatu zakundende, chimodzi choimikidwa, atatukwana nawo apolisi akuda. N'chifukwa chake timalangiza Asilamu opita kumeneko kuti asatchule "kafiri" pagulu, ngakhale pokamba za chipembedzo.