WOKUGULITSIRANI NYUMBA WAIMA MBALI YA YANI? ZOMWE MALO A KU MULANJE ATIPHUNZITSA

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine. Ndimagulitsa zitenje pa msika wa Limbuli kuno ku Mulanje, ndiye musayembekezere chilankhulo cha kuyunivesite. Koma nkhani ndabwera nayoyi ikukukhudzani inu amene muli ndi kanyumba kapena kapuloti, ndipo tsiku lina mudzafuna munthu woti akupezereni wogula.

Chaka chatha mayi anga anaganiza zogulitsa nyumba yomwe bambo anatisiyira pa Chitakale, kuti abwerere kumudzi. Mbiri itangomveka, kunabwera mnyamata wina wovala bwino, foni ziwiri m'manja. Awa timawatchula kuti madobadoba aja, ngakhale iwo amakonda dzina loti ejenti. "Amayi, musavutike, bwana wanga wa ku Blantyre ndalama ali nazo kale. Ingondipatsani mapepala a nyumbayi ndi kangachepe ka thiransipoti." Mayi anatsala pang'ono kupereka. Anawaletsa ndi atsibweni anga, omwe anangoti, "Achemwali, dziko lino linapita kale kamodzi chifukwa cha pepala lomwe eni ake sanaliwerenge. Musabwerezenso."

Mawu amenewo anandichititsa kufunsa akuluakulu ndi kufufuza mabuku. Zomwe ndinapeza ndi izi.

Mukamayenda pa msewu wochoka ku Luchenza kupita ku Muloza, maso amakondwa ndi minda ya tiyi yobiriwira mpaka m'tsinde mwa phiri. Munayamba mwadzifunsa kuti malo onsewa anachoka bwanji m'manja mwa eni ake? M'zaka za m'ma 1880, boma la atsamunda lisanakhazikike, azungu ankabwera kudera la mapiri a Shire n'kumapangana ndi mafumu. Panali kampani ya African Lakes, ija tonse timaidziwa kuti Mandala, ya abale awiri John ndi Frederick Moir. Panali John Buchanan, panalinso Eugene Sharrer amene anasonkhanitsa malo aakulu zedi. Malipiro ake anali nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Ine wogulitsa nsalu zimenezi zimandiwawa, chifukwa ndikudziwa kuti chitenje chimatha chaka chisanathe, pomwe nthaka siitha.

Pangano linkalembedwa m'Chingerezi. Mfumu inkamva kudzera mwa womasulira, ndipo womasulirayo ankadya kwa wogula. Mwaona pamene pali nkhani? Kwa makolo athu malo sankagulitsidwa. Mfumu inkangopatsa mlendo poti akhale ndi kulima. Iyo inkaganiza kuti yalandira mlendo, pomwe pepala linkanena kuti yagulitsa mpaka muyaya.

Mu 1891 dziko lino linakhala pansi pa Britain, ndipo kuyambira 1892 Harry Johnston anayamba kuunika mapangano aja. Amene anawavomereza anawapatsa chikalata chotchedwa Certificate of Claim. Malo oposa maekala 3 miliyoni m'dziko lonse analowa m'zikalata zimenezi. Nthawi yomweyo kuno ku Mulanje tiyi anayamba kubzalidwa pa Thornwood ndi pa Lauderdale, ndipo dzina la Henry Brown limatchulidwa pa chiyambi chimenechi.

M'zikalata zambiri munali mawu akuti midzi ndi minda yomwe inalipo kale isasokonezedwe. Mawu abwino ndithu, ndipo mu 1903 woweruza wina dzina lake Nunan anagamula kuti eni nthaka amenewa sayenera kulipira lendi. Koma ndani analemba mayina a anthu opezeka pamalopo? Ndani anaika malire a minda yawo? Patapita zaka, zinali zovuta kusiyanitsa mwini nthaka ndi wobwera. Makolo a ambiri a ife, Alhomwe ochokera ku Mozambique, anafika pambuyo pake ndipo chitetezo chija sichinkawakhudza. Kuti akhale pa esiteti ankayenera kugwira thangata: mwezi wa lendi, mwezi wina wa msonkho, ndipo mwezi wake unkatalika monga mwini esiteti wafunira. Mawu akuti thangata, omwe kale ankatanthauza kuthandizana, anasanduka dzina la goli. Ukali womwe unaphulika mu Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe anaukira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, unali ndi mizu yake m'nkhani yomweyi.

Boma la atsamunda linayesa kuzigamba. Mu 1928 linakhazikitsa lamulo la anthu okhala pa maesiteti, mu 1946 Sir Sidney Abrahams anabwera kudzafufuza za malo, ndipo boma linayamba kugulanso malo ena. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Koma kuthinana sikunathe. Kuyambira 2004 mpaka 2011 pulojekiti ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, kupita ku Machinga, Mangochi ndi maboma ena. Taganizani: zidzukulu za anthu omwe malo awo anapita ndi nsalu zikukwera lole kukafuna pokalima kwina. Pepala la tsiku limodzi linasamutsa anthu patatha zaka zoposa 100.

Ndiye tibwerere kwa mnyamata wa foni ziwiri uja. Patangotha masiku atatu, mchemwali wanga anapeza chithunzi cha nyumba ya mayi pa Facebook. Mtengo wake unali wokwera kutali ndi womwe mayi ananena, ndipo nambala ya foni inali ya mnyamatayo. Aaa, kunena zoona ndinanjenjemera. Iye ankafuna kudya kawiri: komishoni kwa ife, ndi za pamwamba kwa wogula. Womasulira wa 1880 uja sanafe, abale anga, anangogula foni.

Sindikunena kuti ejenti aliyense ndi wakuba, ayi. Ife a pamsika timadziwa kuti wapakati ali ndi ntchito yake. Popanda iye, nanazi wa ku Mulanje sangafike ku Limbe. Wogulitsa nyumba wabwino amadziwa mitengo, amadziwa ogula, amadziwa njira za ku ofesi ya za malo. Nkhani ili pa kusankha, ndipo mbiri yathuyi ikutipatsa mafunso oti timufunse.

Loyamba: mwaima mbali ya yani, ndipo akukulipirani ndani? Ngati akudya kwa wogula, si wanu. Komishoni yake mugwirizane poyamba ndipo ilembedwe. Lachiwiri: kodi ndinu olembetsedwa, ndipo ofesi yanu ili pati? M'dziko muno muli lamulo loti ogwira ntchito yogulitsa nyumba ndi malo azilembetsedwa. Wokana kuonetsa chikalata chake, kapena amene ofesi yake ndi pansi pa mtengo wa mango, musiyeni apite. Lachitatu: mtengo wachokera kuti? Funsani anthu awiri kapena atatu, ndipo ngati mungathe itanani katswiri woyeza mtengo wa nyumba. Buchanan ndi anzake ankadziwa phindu la nthaka ija kuposa amene ankaipereka.

Musaiwalenso kudziwa kuti malo anuwo ndi amtundu wanji. Ngati ndi a lizi, njira yake imadutsa ku ofesi ya za malo. Ngati ndi a kwa mfumu, malamulo a malo a 2016 anabweretsa makomiti a malo m'midzi, ndipo amayi ali ndi mipando yawo m'makomitimo. Kuno kwathu ku chikamwini, malo ndi a mbumba. Ejenti amene akuti "tisawauze atsibweni, atichedwetsa" akukukonzerani mlandu womwe adzazenge ndi ana anu. Mapepala enieni asachoke m'manja mwanu, mupatseni fotokope basi. Ndalama ilowe mu akaunti yanu, osati kudzera m'thumba mwake. Ndipo musanasaine kapena kudinda chala, wina wanu, osati wake, akuwerengereni pepalalo m'Chichewa, mzere ndi mzere. Safunsa anadya phula.

Nyumba ya mayi sinagulitsidwebe. Tapeza ejenti wina amene anavomera kukhala pansi ndi banja lonse pakhonde, atsibweni ali pomwepo, ndipo pangano lathu ndi iye lili m'Chichewa. Zikuchedwa, inde, ndipo mayi nthawi zina amadandaula kuti mvula iwapeza asanasamuke. Koma ndikamadutsa pa Lauderdale m'mawa ndi mtolo wanga wa zitenje, ndimaona kuti kuchedwa kwa miyezi itatu n'kochepa.

Nanga kwanuko zimayenda bwanji? A ku Mzimba, a ku Dowa, a ku Nsanje, tiuzeni: malo a makolo anu anapita bwanji, ndipo lero wapakati mumamusankha motani?